Golide wokwiriridwa wa ku Pilgrim's Rest ndi chuma cha Kruger: alipodi pansi?

Wa ku Graskop: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere. Ndimagwira ntchito yodula mitengo kuno ku Mpumalanga m'dziko la South Africa, ndipo dera lonse lino, kuyambira ku Sabie mpaka ku Pilgrim's Rest, aliyense ali ndi nkhani yake ya golide wobisika. Ena akuti azungu oyamba kukumba ankakwirira golide m'zitini n'kufa osauza munthu. Ena akuti ngolo zathunthu za golide wa Paul Kruger, yemwe anali pulezidenti wa Mabunu a ku Transvaal, zili m'phanga penapake. Mnzathu wina akufuna kuti anthu asanu tisonkhe ndalama tigule makina ofufuzira zitsulo pansi. Akuti ali ndi mapu omwe anasiya agogo a abwana ake akale. Inu odziwa mbiri, tandiuzani, pa nkhanizi zoona ndi ziti?

Dalaivala wa pa N4: Achimwene, musatulutse ngakhale randi imodzi. Mumufunse kaye mnzanuyo: ngati mapuwo ndi oona, banja la abwanawo lalekeranji kukumba lokha zaka zonsezi? Ine msewu wa ku Maputo ndi kwathu, ndipo pa Machadodorp, pa Waterval Boven, pa Komatipoort, paliponse pomwe mungaime mupeza munthu wodziwa pomwe pali golide wa Kruger. Nkhani yake imathera popempha ya petulo kapena ya makina. Ndaona anthu akutaya malipiro omwe ana awo kumudzi amayembekezera, ndipo zimandiwawa.

Mphunzitsi wopuma: Bambo a ku Graskop, funsoli musachite nalo manyazi. Koma mwaphatikiza nkhani ziwiri zosiyana, ndiye tiyambe ndi ya okumba oyamba aja.

Mu 1873 munthu wina dzina lake Alec Patterson, yemwe ankayenda akukankha katundu wake pa wilibala, anachoka pa Mac Mac pafupi ndi Sabie chifukwa anthu anali atachuluka, n'kukapeza golide m'kamtsinje kuseri kwa mapiri. Anakhala chete n'kumasefa yekha. Sipanapite nthawi, William Trafford naye anatulukira pomwepo, ndipo iye anakalembetsa malo ake kuboma. Mbiri inawanda. Chaka chisanathe chigwa chonse chinadzaza matenti a anthu oposa 1,000, ena ochokera ku migodi ya dayamondi ya ku Kimberley, ena ku Australia ndi ku California. Ndiye Pilgrim's Rest ameneyo.

Golide wa masiku oyambawo anali wa mumchenga wa mumtsinje, fumbi ndi timiyala. Munthu ankasefa m'mbale, n'kuthira zomwe wapeza m'kabotolo kapena m'kachitini ka fodya. Nyumba yake ndi tenti, yopanda chitseko, yopanda loko. Angasunge kuti? Pansi basi. Umbava unalipodi. Mukapita kumanda a pa Pilgrim's Rest mupeza manda amodzi ogona chopingasa, osiyana ndi ena onse, ndipo amati ndi a munthu wogwidwa akuba m'matenti. Onjezani kuti ambiri ankatsikira kuchigwa chotentha kulowera kunyanja n'kufa ndi malungo panjira, abale awo ali kutsidya kwa nyanja osadziwa kalikonse. Choncho mukandifunsa ngati pangakhale kachitini kena kotsala pansi m'mapiri amenewo, ndikuti inde, n'zotheka. Koma kachitini, osati ngolo. Ndipo munthu wobisa chuma poopa anzake sajambula mapu oti ena adzawerenge.

Mnyamata wa ku Balaka: Aphunzitsi, ndiye mwavomera kuti alipo! Anthu mumafulumira kugwetsa ulesi. Ku California mu 2013 banja lina linapeza zitini zadzimbiri pamalo pawo akuyenda ndi galu. Munali makobidi agolide 1,427, ndipo anawayerekeza kuti ndi a madola pafupifupi 10 miliyoni. Si nthano imeneyo, zinatuluka m'nyuzi dziko lonse.

Mphunzitsi wopuma: N'zoona mwana wanga, ndipo makobidiwo anali a zaka za pakati pa 1847 ndi 1894, m'dera lomwelo lomwe anthu ankathamangira golide kuyambira 1849. Koma taona mmene anapezera. Sanagule mapu, sanasonkhe ndalama, sanali kufunafuna n'komwe, ndipo malowo anali awo. Tsono yerekeza ndi omwe anapita ndi mapu. Ku Arizona kuli nkhani ya Jacob Waltz, Mjeremani yemwe anamwalira mu 1891 atauza omwe ankamudwazika kuti ali ndi mgodi wobisika m'mapiri a Superstition. Anthu akhala akuufuna mpaka lero. Mu 1931 Adolph Ruth analowa m'mapiriwo ali ndi mapu, ndipo patapita miyezi chomwe chinapezeka ndi chigaza chake. Chaka chomwecho ku Australia Harold Lasseter anafera m'chipululu akufuna mwala wa golide womwe ankati anauona ali mnyamata. 

Wa ku Graskop: Nanga za Robbers' Pass? Timadutsapo popita ku Lydenburg ndipo anthu amati golide wobedwa ali chapomwepo.

Dalaivala wa pa N4: Pamenepo panachitikadi zinthu kawiri. Mbiri ya m'deralo imati mu 1899 achifwamba awiri ophimba nkhope anaimitsa ngolo ya mahatchi n'kutenga golide wa mapaundi 10,000, ndipo sanagwidwe. Mu 1912 Tommy Dennison anayesa zomwezo koma anangopeza makobidi asiliva a mapaundi 129, n'kugwidwa atayamba kubweza ngongole zake m'tauni ndi makobidi omwewo. Anakhala kundende zaka zisanu. Koma ganizani bwino, achimwene. Anthu oti anaika moyo wawo pachiswe kuti abe golide, n'kuthawa bwinobwino, angamusiye pansi pamalo pomwe anamubera? Kusagwidwa kwawo kukutanthauza kuti anadya.

Mphunzitsi wopuma: Tsopano ya Kruger, yomwe ndi ya nkhondo osati ya okumba, ngakhale golide wake anachokera m'migodi ya ku Joni yomwe inayamba mu 1886.

Nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu inayamba mu 1899. Boma la Kruger linalanda golide wa m'migodi ina kuti lizilipirira nkhondo. Angerezi atayandikira Pretoria, Kruger anachoka pa 29 May 1900 pa sitima kulowera kum'mawa. Pa 4 June Jan Smuts, loya wamkulu wa boma la Kruger, anatulutsa golide yemwe anali kunyumba yosulira ndalama ndi kubanki n'kumukweza sitima, ndipo mawa lake Angerezi analowa mumzinda n'kupeza mosungira muli mbee. Nthano yonse inabadwira pamenepo. Boma linakhala m'mabogi a sitima pa Machadodorp, Kruger mwiniwake n'kumagona pa Waterval Onder chifukwa cha kuzizira. Kanyumba kake kalipo mpaka pano. Mu September anawoloka malire kupita ku Lourenço Marques, komwe lero timati Maputo, ndipo mu October anakwera sitima yankhondo ya ku Holland yotchedwa Gelderland. Anamwalira ku Switzerland mu 1904 osabwereranso.

Golide anatuluka mu Pretoria, zimenezo n'zoona. Funso ndi loti anathera kuti. Olemba mbiri omwe anatsata makalata a nthawiyo amati wina analipira asilikali, antchito a boma ndi ogulitsa katundu, ndipo mabokosi otsala anakwezedwa sitima ya ku Germany kupita ku Hamburg. Ena mwa makobidi omwe anatengedwa mothamanga anali osadinda n'komwe, osalala mbali zonse, ndipo ankalipirira anthu momwemo. Ena alipo m'manja mwa osunga ndalama zakale. Golide woti akuyenda m'manja mwa anthu sangakhalenso pansi.

Koma umboni womwe umandikhutiritsa ine uli kwanu komweko. Kumayambiriro kwa 1902 asilikali a Mabunu omwe anali pa Pilgrim's Rest ndalama zinawathera, ndipo anthu akumudzi ankakana kugulitsa chakudya ndi ndalama zapepala. Anatolera golide pang'onopang'ono, n'kugwiritsa ntchito makina a pa mgodi, zidindo n'kuzizokota pamanja, n'kusula makobidi 986 okha. Anthu oti ali ndi mamiliyoni m'phanga chapafupi akanavutika chotero?

Mnyamata wa ku Balaka: Mwina asilikali wambawo sankadziwa. Zinthu zotere amadziwa ndi akuluakulu awiri kapena atatu basi.

Mayi wa ku Springs: Achimwene anga a ku Balaka, golide ndi wolemera kuposa mmene mukuganizira. Ndinagwirapo ntchito yolemba m'sitolo yogula ndi kugulitsa makobidi akale. Paundi imodzi ya Kruger imalemera pafupifupi magalamu 8. Mapaundi miliyoni imodzi ndiye kuti matani 8. Nthano zimati mamiliyoni awiri, zina kuposa apo, ndiye matani 16 kapena kupitirira. Akuluakulu atatu sanganyamule zimenezo. Pakufunika ngolo zingapo, ng'ombe zambirimbiri, oyendetsa, otsogolera ng'ombe, okumba dzenje, ndipo zonsezi nkhondo ili mkati, azondi ali ponseponse.

NaPhiri: Pamenepo mpamene ine nkhanizi zimandipweteka. Mukamvetsera bwino, nthano iliyonse ya chuma chokwiriridwa kuno ili ndi mbali imodzi yofanana: anthu akuda anakumba dzenje, kenako anawawombera kuti asaulule. Wofotokoza amanena zimenezi mongodutsa, n'kuthamangira kunena kuti mtengo wa chizindikiro unali mbali iti. Palibe amafunsa kuti anthuwo anali ndani, kwawo kunali kuti, amayi awo anadikira mpaka liti. Kaya zinachitika kaya sizinachitike, zikuonetsa mmene ankationera.

Bambo anga anapita ku Joni pa kontirakiti kangapo. Anabwera ndi njinga, wailesi, bulangete ndi chifuwa chomwe sichinathe mpaka imfa yawo. Ankati golide weniweni sanamuonepo ndi maso, ankangoona mwala wotuwa womwe ankaboola. Ndikamva anyamata athu akufuna kulowanso m'maenje omwewo, mtima umandiwawa.

Mphunzitsi wopuma: Mayi NaPhiri mwakhudza pofunika. Malamulo a golide a boma la Transvaal ankaletsa munthu wakuda kukhala ndi malo okumba, ngakhale kupezeka ndi golide wosasula. Pa Pilgrim's Rest ndi pa Barberton, pomwe golide anapezeka mu 1884, ogwira fosholo ambiri anali Ashangani, Apedi ndi Aswazi, koma mayina otsala m'mabuku ndi a eni ziphaso. Athu a ku Nyasaland anafika pambuyo, Wenela, bungwe lolemba antchito a kumigodi, itayamba kulemba anthu nkhondo ija itatha. Anafa ochuluka ndi chibayo moti mu 1913 boma linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwathu kuno, n'kudzatsegulanso patapita zaka zoposa 20. Ndipo akuluakulu pagulu pano akukumbukira 1974, ndege yobweza anthu athu itagwa pa Francistown n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kuimitsa ulendo wa kumigodi.

Wa ku Graskop: Pepani mayi. Ife sitikufuna kulowa mumgodi ayi, tikungofuna kuyenda ndi makinawo pamwamba.

Dalaivala wa pa N4: Zimayamba choncho. Makina akalira pa msomali wakale mumakumba mita imodzi, kenako wina amati tilowe pang'ono m'ngalande yakale iyi. Mapiri a kumeneko ndi obookabooka, mitengo yochirikiza inawola kalekale, ndipo mpweya wa m'katimo umapha munthu asanadziwe. Komanso m'maenje ambiri muli kale azama-zama, okumba golide mozemba, ndi mabwana awo amfuti, ndipo safunsa kuti mwabwera kudzafuna makobidi a Kruger. Munaona za kumgodi wotsekedwa wa ku Stilfontein mu January 2025, mitembo 78 inatulutsidwa pa masiku ochepa okha. Apolisi akakupezani ndi fosholo pamalo a kampani, inu mlendo, simudzapeza mpata wofotokoza.

Mayi wa ku Springs: Ndiwonjezere za malamulo. Pilgrim's Rest ndi malo otetezedwa ndi boma kuyambira 1986. Kukumba zinthu zakale popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kusunga golide wosasula popanda laisensi ndi mlandu wina. Ngakhale mutapeza kachitini kaja, mukagulitsa kwa ndani? Wogula wa mseri adzakupatsani mtengo womwe iye wafuna, podziwa kuti simungakadandaule kulikonse.

Mnyamata wa ku Balaka: Chabwino ndamva. Koma musaiwale kuti kwathu golide alipo weniweni. Ku Lisungwi anthu akusefa, ku Makanjira anthu akusefa, ndipo mu 2021 Reserve Bank inayamba kugula kudzera ku kampani yake ya Export Development Fund. Ameneyo si wa m'nthano.

Ankolo a ku Karonga: Ameneyo ndi wa thukuta, mphwanga, ndi nkhani ina. Koma matenda a chuma chokwiriridwa kwathunso alipo. Kuno anthu amafuna makobidi a Ajeremani, mbaula zakale, simbi zamakala, ati muli mankhwala odula. Amabwera anthu ovala bwino, amati bweretsani tikupatsani mamiliyoni, koma yambani mwalipira yoyezera. Ena mpaka kufukula manda akale usiku. Kenako amalowapo asing'anga, ati chumacho chikulonderedwa ndi njoka, pakufunika mbuzi yakuda, ati mukalankhula pokumba chimasuntha. Chikapanda kupezeka wolakwa ndinu, munaswa chizimba. Ndinaona banja lina likugulitsa ng'ombe zonse chifukwa cha zimenezi. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Mdzukulu wa ku Bulawayo: Moni akuluakulu. Chichewa changa ndi cha agogo, mundikhululukire. Kuno nthano yathu ndi ya chuma cha Lobengula, mfumu ya Amandebele. Mu November 1893 mfumuyo inachoka mu Bulawayo asilikali a kampani ya Mngerezi Cecil Rhodes akubwera, mzinda n'kutenthedwa. Mlembi wake, John Jacobs, anakhala zaka zambiri akuuza azungu kuti anaona ngolo za golide, dayamondi ndi minyanga zikukwiriridwa kumpoto, ndipo okumba anaphedwa, monga ananenera mayi NaPhiri. Anatsogolera anthu maulendo angapo, osapeza kanthu.

Koma pali golide wa Lobengula yemwe mbiri yake ndi yotsimikizika. Ali pothawa anatumiza amithenga ndi thumba la makobidi agolide kwa omwe ankamulondola, kupempha kuti nkhondo ithe. Asilikali awiri analandira thumbalo n'kubisa, uthenga osaufikitsa. Patangopita masiku, mu December, gulu la asilikali 34 a kampani ija lotsogozedwa ndi Allan Wilson linathera pa mtsinje wa Shangani, ndipo Amandebele ambiri anafanso pomwepo. Awiri aja anazengedwa mlandu n'kulamulidwa zaka 14, koma anatulutsidwa posakhalitsa. Ine ndimaona kuti thumba limenelo ndi lofunika kulikumbukira kuposa ngolo za Jacobs, chifukwa likanafika mwina anthu aja sakanafa.

Mngoni wa ku Chipata: Zikomo akulu a ku Bulawayo. Kwathu kuno akuluakulu amati Lobengula sanafere kumwera kwa Zambezi monga analembera azungu, koma anawoloka n'kudzabisala kwa Nkhosi Mpezeni. Ndi mbiri ya pakamwa imeneyo, ena amaivomera ena amaikana. Koma ine ndikufuna ndikuuzeni zomwe mphekesera ya golide inachita kwathu, chifukwa mwakamba za munthu mmodzimmodzi kutaya ndalama, pomwe ife tinataya dziko.

Kunali Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, yemwe anakhala kwa Mpezeni n'kupeza pepala loti wapatsidwa ufulu wa miyala m'dera lalikulu. Anapita nalo ku London n'kumanena kuti dziko la Angoni ndi lodzaza golide. Nthawi imeneyo azungu anali ndi malungo a golide, aliyense akulota kupeza Joni wachiwiri kumpoto. Mu 1895 panapangidwa kampani ya North Charterland Exploration Company pa pepala limenelo. Ofufuza miyala anayamba kuyendayenda m'midzi ndi m'minda, ndipo anyamata a Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaona kuti dziko likupita. Mu January 1898 asilikali anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi mfuti zazikulu. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu February. Mwambo wathu wa Nc'wala unasiya kuchitika mpaka 1980.

Mnyamata wa ku Balaka: Ndiye golideyo anamupeza?

Mngoni wa ku Chipata: Wochepa kwambiri, timigodi ting'onoting'ono tosabweza n'zomwe anawononga. Golide wa Wiese anali wa pakamwa. Kampaniyo itaona choncho inatembenukira ku nthaka, n'kumagulitsa mafamu kwa azungu olima fodya kuzungulira Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata. Angoni ndi Achewa anakankhidwira m'malo opanikizika, msonkho n'kubwera, ng'ombe palibe zoti ugulitse. Anyamata anayamba ulendo wapansi wopita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu kuti apeze ya msonkho.

NaPhiri: Ndiye kuti mphekesera yomweyo ndi yomwe inayambitsa utchona wa kumeneko.

Mphunzitsi wopuma: Inathandizira kwambiri, mayi, ngakhale msonkho ukanabwerabe monga unabwerera kwathu. Bambo a ku Chipata, nkhani ya Wiese ana athu saidziwa. Mukapeza nthawi muilembe yonse payokha, ndi zomwe akuluakulu a ku Mtenguleni, komwe kumachitikira Nc'wala, amanena, tidzaiwerenge bwino.

Mdzukulu wa ku Bulawayo: Agogo a bambo anga anabwera kuno mwa njira imeneyo, wapansi, n'kuwoloka Zambezi pa bwato. Anagwira ntchito pa mgodi wina waung'ono wa golide ndipo sanabwerere. Timangodziwa kuti kwawo kunali cha ku Fort Jameson ndipo mfunda wathu ndi Tembo. Akulu a ku Chipata, ndikulemberani kumbali, mwina mungandithandize kufunsa kwa mafumu.

Mngoni wa ku Chipata: Lembani akulu. A Tembo ndi ambiri kuno, ndiye mufunse kaye kwa azakhali anu kapena wamkulu aliyense wotsala ngati akukumbukira dzina la mudzi, la nyakwawa kapena la mtsinje womwe ankatunga madzi. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi tiyambira pamenepo.